Seal ya input shaft yakana kutuluka pa giyabokosi, ndipange bwanji?

Giya_Yachisanu

Akuluakulu ndithandizeni nzeru, ine mutu waima. Galimoto yanga ndi kakang'ono ka magiya asanu, kokoka ndi mateyala akutsogolo. Kwa miyezi ngati iwiri kilachi imanjenjemera ndikamanyamuka, kenako inayamba kuterereka pachitunda, injini kumangolira koma galimoto osapita, ndiye m'mawa uliwonse ndimapeza kadontho pansi pamene injini imakumana ndi giyabokosi. Loweruka ndinalimba mtima nkutsitsa giyabokosiyo, kutsitsa kokhako ndi nkhani ya tsiku lina msana mpaka pano sunabwerere, ndiye ndapeza mkati mwa bell housing, chigoba chimene kilachi imakhalamo, monse muli matope akuda a oyilo ndi fumbi la kilachi. Ndinanunkhiza, ndi oyilo wa giya ndithu, fungo lake lija ngati dzira lovunda, ndipo kuseri kwa flywheel nkouma ndiye seal ya injini, mphete ya labala yotchinga oyilo kuti asatuluke ija, ilibe mlandu. Oyiloyo akutulukira pa input shaft, shaft yotenga mphamvu ya injini kuchokera ku kilachi kulowetsa mu giyabokosi, njira yake ikuchita kuoneka kuchokera pa shaft kutsika mpaka pansi.

Seal yatsopano ndagula kale ili pompa. Vuto ndi yakaleyo, yakana. Ndinachotsa thrust bearing, bering'i yokankha kilachi ukaponda pedulo, ndi foloko yake, ndinamasula kapaipi kamene thrust bearing imayendapo kaja, kali ndi mabawuti atatu, kuseri kwake ndi kumene kuli seal, koma inalowa m'dzenje ndithu ndipo shaft ili pakati ndiye pogwira palibe. Ndinalowetsa sikuludiraiva pakati pa shaft ndi labala kuti ndikanule, labala anangong'ambika, kasipiling'i kaja kanatuluka, pano yatsala mphete ya chitsulo yokhayo ili nganganga ngati anachita kuwotcherera. Ndaithira WD-40 usiku wonse, ndapinda waya wolimba kupanga kambedza, waya kuwongoka seal osasuntha olo pang'ono. Dzulo ndinapsa mtima ndinayamba kumenya sikuludiraiva ndi hamala m'mbali mwake ndiye ndinaona kuti apa nditha kuononga zambiri ndinasiya.

Mnzanga wina akuti palibe njira ina koma kung'amba giyabokosi yonse pakati, ine zimenezo ndikuopa, magiya aja akamwazika sindingawabwezere. Amene munakumanapo nazo, imatuluka bwanji seal yotereyi popanda kukanda shaft?

MadalaWaSipanala

Achimwene choyamba sikuludiraiva ija ikani pansi, hamalanso ikani kutali. Seal ndi kanthu kotchipa, koma casing, thupi la giyabokosi lija, ndi shaft mukazivulaza mulira. Mwachita bwino kufunsa, safunsa anadya phula.

Musanakoke chilichonse dziwani kaye kuti seal yanuyo imatulukira mbali iti, chifukwa mnzanuyo sakunama kwenikweni, pali magiyabokosi amene akunena zoona. Ine ndaona mitundu itatu. Ena seal imakhala mkati mwa kapaipi kamene mwamasulako, makamaka magalimoto okoka ndi mateyala akumbuyo, monga T5 ya Borg-Warner kapena W58 ya Toyota, kumeneko umangomasula retainer yonse, kapaipi komweko, nkupita nayo patebulo nkuchotsa seal uli phee, ntchito ya mphindi zisanu. Ena seal anaikhomera kuchokera kunja, imatulukira mbali ya kilachi. Ndiye pali ena, ambiri mwa iwo ndi okoka kutsogolo ngati yanuyo, amene seal anailowetsera mkati asanaike bering'i, ndipo kutsogolo kwake kuli kamlomo ka aluminiyamu kamene kamaitchinga. Yotereyo mutha kukoka mpaka Yesu adzabwere siingatuluke, mungobenthula casing basi.

Kudziwa kwake nkosavuta. Pukutani bwinobwino, unikani ndi tochi, muone ngati m'mphepete monse mwa mphete ija mukuoneka. Kenako tengani seal yatsopano muyeze kukula kwake kwa kunja, muyezenso pakamwa pa dzenjelo. Ngati pakamwa pali pofanana ndi seal kapena pokulirapo pang'ono, imatulukira kwa inu. Ngati pakamwa pali pochepa kuposa seal, pepani, mnzanuyo wapambana. Mmene mwafotokozeramo kuti ili kuseri kwa kapaipi ndipo mphete ikuoneka, ndikuganiza kuti ndi yakunja, koma yezani musangokhulupirira ine.

Za WD-40 iwalani, sikuti yagwidwa ndi dzimbiri ngati bawuti ayi, seal imalowa mothina dala, ndipo ikakhalitsa labala wakunja uja amauma ndi kutentha nkumatirira ku aluminiyamu. Nthawi zina munthu amene anagwirapo kale anaipaka sealant. Mafuta alibe polowera.

Njira imene ine ndimadalira ndi ya ma screw. Choyamba khuthulani oyilo. Chachiwiri, ichi anthu amaiwala, yezani kuti seal yakaleyo inalowa mamilimita angati kuchokera pamwamba, jambulaninso ndi foni, mudzachifuna chimenechi poika yatsopano. Kenako tetezani shaft, dulani chitini cha zakumwa mupange kachikopa nkukulungira pa shaft mpaka pafupi ndi seal, kapena tepi yokulunga kangapo, bola chitsulo chikaterereka chigunde chimenecho osati shaft.

Ndiye boolani timabowo tiwiri pankhope ya mphete ija, kamodzi uku kena mbali inayo moyang'anizana, pakatikati penipeni pa chitsulocho osati kufupi ndi casing. Ambiri amagwiritsa drill ndi kabiti ka 2 kapena 2.5 mm, ngati mukutero pakani girizi pa kabitiko kuti tizitsulo timatirire pomwepo tisagwere mkati, ndipo kulungani tepi pa biti kusiya nsonga ya mamilimita atatu okha chifukwa kuseri kwa seal kuli bering'i, pafupi kwambiri. Drill ikangoboola imathamangira mkati, mukamazindikira mwaboola kale cage, kachimango kogwira timipira ta bering'i. Ine pandekha drill sindiikonda pamalo othina chonchi. Ndili ndi msomali wautali wa konkire umene ndinausongola pa grinder, ndimauika pamalopo nkumenya pang'onopang'ono ndi kahamala kakang'ono mpaka utangoboola, chitsulo cha seal nchopyapyala sichilimba, ndipo msomali sutulutsa tizitsulo, umangopinda chitsulo kulowa mkati zomwe zimathandiza screw kugwira bwino.

Mukatero lowetsani ma screw odzipangira okha mazinga aja, a malata, aatali kuti mitu yake itulukire kunja kwa dzenje. Zungulizani kawiri kapena katatu basi, angogwira. Pali ena amamanga screw mpaka ikagunde bering'i kuti izikankha seal kutuluka yokha, zimatheka inde koma mukukankhira pa bering'i yanu yomwe, ine ayi. Gwirani mutu wa screw ndi vice grip, ikani kathabwa pa casing kuti mutsamiritsepo, ndiye kokani pang'ono uku, pang'ono mbali inayo, mosinthanasinthana. Musakoke mbali imodzi mpaka ipendekeke chifukwa ikapendekeka imaluma kwambiri. Ngati muli ndi slide hammer ndiye bola kwambiri, imakoka mowongoka. Screw ikazuka musataye mtima, boolani pena, mphete ija ili ndi malo ambiri.

Girizi_Mmanja

Kkkkk madala mwalemba buku lonse pa seal imodzi. Amwene ingotengani gasi muiwotche, labala akapsa imagwa yokha, kapena tengani punch mumenye mbali imodzi ilowe mkati mbali inayo idzatukuka nkuikoka ndi pulayazi. Ine ndachotsa ma seal ambirimbiri chonchi palibe anabwerako kudzadandaula.

Mlongo_wa_Sipanala

A Girizi, kusabwerako sikuti zinayenda bwino, mwina anapita kwina kkkk. Ya punch ija imagwira pa seal ya driveshaft kapena ya kumbuyo kwa giyabokosi kumene kuseri kuli mpata, koma apa madala anena kale kuti bering'i ili pompo, seal ilowera kuti? Mungoikhomera pa bering'i. Ndipo gasi mkati mwa bell housing yodzadza ndi oyilo, aaa ayi, komanso ma bering'i ena cage yake ndi ya pulasitiki, ena ali ndi tima seal tawo, lawi likafika kumeneko mwaphika zonse ndipo simudziwa mpaka giyabokosi itabwerera m'galimoto nkuyamba kulira.

Koma kutentha pakokha ndi nzeru yabwino, kungoti kukhale kwa heat gun, olo chowumitsira tsitsi champhamvu chimathandizako. Aluminiyamu akatentha amakula pafupifupi kawiri kuposa chitsulo, ndiye mukatenthetsa casing mozungulira dzenje, dzenjelo limakula kuposa mphete ndipo imamasuka pang'ono, komanso ngati pali sealant amafewa. Musaloze pa seal penipeni, zungulirani pa aluminiyamu kwa mphindi zingapo mpaka pofika poti simungagwirepo ndi dzanja, madigiri 80 mpaka 100 ndi okwanira, mukadonthezapo madzi nkumva tswii ndiye mwafika siyani. Ma screw mukhale mutalowetsa kale kuti mukoke kukadali kotentha. Ndipo pukutani kaye oyilo yense ndi WD-40 munathira uja, nsanza zonyowa ndi petulo zikhale kutali.

Ma screw akakanika, ine chomaliza ndimaipinda mpheteyo kulowetsa mkati. Popeza labala wachoka kale muli ndi mpata pakati pa mphete ndi shaft. Kachizulo kakang'ono kosasongoka kwambiri, mukaike pankhope ya mphete kufupi ndi m'mphepete koma osakhudza casing, nkumenya molozetsa ku shaft kuti chitsulo chifwanyikire mkati. Ikangopindika malo amodzi mphamvu yake yonse yatha, imatuluka ndi zala. Apa ndiye chitini chija pa shaft nchofunika zedi.

Chimene musayese ndi kulowetsa sikuludiraiva pakati pa mphete ndi casing. Ndikunena izi chifukwa zinandionekera ndili wophunzira. Ndinali ndi changu, ndinakhoma sikuludiraiva pamenepo, seal inatuluka inde ndipo ndinasangalala, osadziwa kuti ndasiya kangalande m'khoma la dzenje kuyambira mkati mpaka kunja. Ndinaika seal yatsopano, kilachi yatsopano, kukweza giyabokosi, patangotha milungu iwiri galimoto inabwerera ikudontha pomwe paja, oyilo samadutsa pa shaft ayi amadutsa kuseri kwa seal m'kangalande kanga kaja. Kutsitsanso giyabokosi ulele, kilachi ina kugula ndi ndalama zanga, ndipo bwana amene amandiphunzitsa sanandikalipire nkomwe, anangonditengera chala changa nkuchiyendetsa pa mzerewo kuti ndiumve ndekha. Mpaka lero ndikachotsa seal chala chimayamba chazungulira m'dzenje ndisanachite china chilichonse.

Ndiye achimwene mwati dzulo munamenya m'mbali ndi hamala, seal ikatuluka muyang'ane bwino pamenepo.

Funso langa lina, mwaigwedeza shaft? Chifukwa seal kawirikawiri siimangofa yokha.

Girizi_Mmanja

Chabwino chemwali mwandigonjetsa, za cage ya pulasitiki sindinaziganize. Koma ya punch ndiikakamirabe, pa diff imagwira bhobho.

Giya_Yachisanu

Yatuluka!! Zikomo kwambiri madala ndi inu achemwali, dikirani ndifotokoze.

Ndinayeza kaye monga munanenera, pakamwa pa dzenje ndi chimodzimodzi ndi seal yatsopano ndiye mtima unakhala pansi kuti sinding'amba giyabokosi. Msomali wa konkire ndinali nawo, ndinausongola, kuboola kwake kunali kosavuta kuposa mmene ndimaganizira, kumenya kanayi kasanu basi. Screw yoyamba inazuka nditangokoka, inatuluka ndi kachidutswa ka chitsulo, ndinatsala pang'ono kutukwana. Ndiye ndinaboola pena, ndinaika atatu mozungulira ngati mafuwa, ndinabwereka heat gun nkutenthetsa mpaka madzi kuchita tswii, kenako vice grip ndi kathabwa, uku pang'ono uku pang'ono, ulendo woyamba palibe, wachiwiri ndinamva kuti thee kaphokoso kakang'ono ndipo mbali imodzi inasuntha mwina theka la milimita, kuchoka apo inangobwera yokha mpaka kugwera m'manja.

Madala munalosera, kunja kwake konse kuli sealant wotuwa wouma gwa, wina anatsalira m'dzenje ngati chikhungwa. Amene anagwirapo kale galimotoyi ndisanaigule anachita kuimata, ndipo zikuoneka kuti anaikhoma mopendekeka chifukwa poyeza kuya kwake ndinapeza pamwamba mamilimita atatu pansi anayi ndi kakuti.

Tsopano nkhani zoipa. Achemwali munanena zoona, sikuludiraiva yanga inasiya chizindikiro m'khoma, kamzere kafupi cha pakamwa, sikanafike mkati kwenikweni koma chala chikukamva ndipo m'mphepete mwake mwatukuka. Chachiwiri pa shaft pamene labala amakhuza pali kamzere kozungulira kowala, chikhadabo chikumakodwa pang'ono kwambiri, ukachita kufuna kumva. Shaft ndagwedeza, m'mwamba ndi pansi sindikumva kusewera kulikonse, kuizunguza ikuyenda mwakachetechete. Ndiye ndiike seal yatsopanoyi chonchi kapena ndaononga kale?

MadalaWaSipanala

Simunaononge, zimenezo nzochizika. Shaft ngati siikusewera ndiye nkhani yabwino kwambiri imeneyo, chifukwa pa magalimoto ambiri okoka kutsogolo shaft imakhala pa ma bering'i ake awiri mkati mwa giyabokosi, kusewera kumayenera kukhala ngati palibe. Pa okoka kumbuyo nsonga imagwedera pang'ono giyabokosi ikakhala pansi chifukwa imadalira pilot bearing ya ku crankshaft, anthu amachita mantha nazo pachabe. Koma ikanakhala kuti yanuyo ikugogoda ndikanakuuzani kuti seal yatsopano ikhala mwezi umodzi basi.

Yambani ndi dzenje. Sealant wakale yense achoke, palani ndi kapulasitiki kapena kathabwa kosongola, osati mpeni. Pa kamzere kanuko chofunika ndi kuchotsa chitsulo chotukukacho kuti chisadzang'ambe seal polowa, sanipepala wosalala wa 400 kapena 600 wonyowetsa ndi oyilo, pamalo pokhapo, musazungulire dzenje lonse mungalikulitse. Tsekani bering'i ndi kansanza koyera kuti mchenga wa sanipepala usalowe. Mukatha tsukani ndi brake cleaner, ndiye poika seal pakani sealant wosaopa oyilo pa kamzerepo, wochepa kwambiri ngati mukudzola pa chilonda, osati phwiii ngati anachitira mnzathu uja. Pakanapanda mzere ndipo seal yanu ili ndi labala kunja sindikanakuuzani za sealant nkomwe.

Pa shaft, kamzere kongowala kalibe vuto, koma ngati chikhadabo chikukodwa ndiye mlomo wa seal yatsopano usakakhale pomwepo. Njira yachidule ndi kuikhazika seal pena pang'ono, milimita imodzi kapena awiri kusiyana ndi yakale, kuti mlomo ugwire chitsulo chosadyeka. Popeza yakale inalowa kwambiri ndiponso mopendekeka, inu muisiye cha kunja pang'ono, bola kapaipi kaja kakhale bwino pamalo pake osaigunda. Yang'ananinso kuseri ngati kuli kabowo kobwezera oyilo mkati, seal isakatseke. Mzere ukanakhala wakuya ndiye pali kachitsulo kopyapyala kovekera pa shaft, a SKF amakatcha Speedi-Sleeve, umayeza shaft nkugula ka saizi yake, seal imakhala yomweyo. Koma mmene mwanenera sindikuona kuti mufika kumeneko.

Seal yatsopanoyo ifanizeni ndi yakale, manambala atatu olembedwa pankhope aja ndi kukula kwa shaft, kukula kwa dzenje ndi kunenepa kwake, mumamilimita. Ngati pali kamuvi ndiye kakulozera kumene shaft imazungulira, timizere ta pamlomo tija timabweza oyilo mkati, mukaika ya mbali yolakwika timamupopera kunja.

Poika, mbali ya kasipiling'i iyang'ane kumene kuli oyilo, mkati mwa giyabokosi. Mano a shaft aja ndi akuthwa kuposa mmene amaonekera, akulungeni ndi tepi yosalala kuyambira kumene seal ikakhale kubwera kunsonga kuti mlomo usakodwe m'mphepete mwa tepi, nkupakapo oyilo wa giya, mlomo wa seal nawonso oyilo, isalowe youma. Kuseri kumene kuli kasipiling'i ikaniko girizi pang'ono kuti kasadumphe mukamamenya. Chokhomera, pezani paipi ya pulasitiki yolimba yotalika kuposa shaft, yodulidwa mowongoka, yogunda m'mphepete mwa seal kumene kuli chitsulo osati pakati. Yambani ndi zala mpaka igwire mofanana mbali zonse, kenako kahamala pang'onopang'ono, kuima, kuyeza malo anayi, kupitiriza.

Ndiye musanakweze giyabokosi fufuzani breather, kabowo kopumira kali pamwamba kaja. Kakatsekeka ndi matope, oyilo akatentha mpweya umasowa kotulukira ndiye umakankha pa seal. Ndaonapo anthu akusintha seal katatu vuto lili kachipewa kakang'ono ngati chala. Oyilonso musadzadzitse, pa magiyabokosi ambiri amalekezera pakamwa pa bowo lothirira galimoto itaima pofanana, ndipo muone buku la galimoto yanu, ambiri a manual amafuna oyilo wa mtundu wa GL-4, musangothira aliyense poti walembedwa 75W-90.

Mlongo_wa_Sipanala

Kuonjezera pa za madala, iyeseni ili pansi pompo. Tsekani mabowo a ma driveshaft ndi pulasitiki ndi nsanza zolimba, thirani oyilo, ipendeketseni kuti oyilo atsamire ku seal, zunguzani shaft ndi dzanja kangapo nkuisiya usiku wonse mutaika pepala loyera pansi pake. Sizofanana ndi kuyenda pamsewu koma ngati mlomo unang'ambika polowa muona m'mawa, bola kuona ili pansi kusiyana ndi kuona mutamanga kale zonse.

Kilachi mukuti muchita nayo bwanji? Simunanenepo.

Girizi_Mmanja

Clutch plate ngati ikadali ndi nyama ingoviikani mu petulo muipale ndi sanipepala ibwerere, zinthu zadula masiku ano.

Mlongo_wa_Sipanala

Iii a Girizi mwabweranso. Lining ija, chikopa cha pa clutch plate, imamwa oyilo ngati siponji, mutsuka pamwamba iwoneka youma, ikatentha pachitunda oyilo wamkati amatulukanso kunjenjemera kuja nkuyambiranso, ndiye munthu atsitsenso giyabokosi ndi msana wakewo? Flywheel ndi pressure plate ndi zitsulo, zimenezo brake cleaner amakwana ngati sizinapse kapena kung'aluka, koma plate yomwa oyilo ndi yotaya. Thrust bearing nayonso sinthiranitu poti muli momwemo. Ndipo pa mano a shaft girizi wake akhale wongonyowetsa, mulowetse plate nkuitulutsa kangapo nkupukuta wotsalayo, mukachulutsa amamwazikira pa lining nkuononga plate yatsopano ndi manja anu omwe.

Giya_Yachisanu

Ndabweranso akuluakulu patha masiku khumi, ndinati ndisathawe osanena mmene zinathera.

Ndiulule kaye, seal yatsopano yoyamba ija ndinaipha ndekha. Tepi ndinakulunga, oyilo ndinapaka, koma girizi wa kuseri kwa kasipiling'i ndinaiwala ndipo paipi yanga ndinadula ndi sowo mokhota, ndiye inalowa mopendekeka, pofuna kuiwongola ndinamenya mwamphamvu. M'mawa pepala la achemwali lija linali ndi dontho lalikulu bwino. Nditaizula ndapeza kasipiling'i kadumpha kali lende pa shaft. Chosekesa nchoti kuchotsa imeneyi kunanditengera mphindi ziwiri zokha, msomali, ma screw awiri, vice grip, fwaa, osatenthetsa nkomwe, ndiye ndaona kuti chimene chinandizunza masiku atatu aja anali sealant uja basi. Ndinagula ina, paipi ndinaisalaza pa sanipepala mpaka itaima yokha mowongoka patebulo, iyi inalowa bwinobwino, mamilimita awiri mbali zonse zinayi, pepala m'mawa louma.

Breather madala munanena ija ndinaipeza yotsekeka ndi dothi louma gwa, kachipewa kake osagwedera nkomwe, ndinachita kutokosa ndi waya nkupopera mpweya. Clutch plate ndi thrust bearing ndaika zatsopano, a Girizi pepani sindinakumvereni kkkk. Ndayenda nayo sabata yathunthu tsopano, pachitunda paja ikukwera pa giya fili osaterereka, ndipo m'mawa uliwonse ndikumagwada ndi tochi kuyang'ana pansi pa bell housing, mpaka lero palibe dontho.